Nthutumba Imene Ndinaponyera Galu

Ndine mayi wamasiye wa mwana mmodzi yekha, ndipo ndinatsala pang'ono kumupasulira banja lisanayambe n'komwe chifukwa cha kachiwalo ka nkhuku kosadzaza ngakhale chikhatho. Banjalo linapulumuka. Chimene sichinapulumuke ndi malo anga m'nyumba mwawo. Ndikulemba izi kuti inu owerenga, makamaka amayi anzanga amene ana anu ayamba kubweretsa alendo pakhomo, mumve kwa munthu amene anapsa kale.

Ndiyambe ndaulula khalidwe langa. Ine ndine munthu wokayikira. Wogulitsa tomato akandisekerera kwambiri, ndimatembenuza tomato aliyense kufunafuna poola. Sindinabadwe wotero. Malemu amuna anga ankagwira ntchito pa ofesi ina ku City Centre, ndipo atangowakweza pa udindo anayamba kudwala m'mimba mpaka anatisiya. Madokotala ananena kuti chinali chiwindi. Ine mumtima ndinali nditaweruza kale kuti anawadyetsa pa phwando la kuntchito, ngakhale palibe amene anandionetsapo umboni. Kuyambira pamenepo chakudya cha kwa eni ndinkachiyang'ana ngati mdani. Pa ukwati ndinkalandira mbale n'kumangosuntha mpunga uku ndi uku mpaka nyimbo zithe.

Ndimakhala ku Area 15 m'nyumba imene anandisiyira malemuwo, ndipo ndimagulitsa zitenje ku Old Town. Mwana wanga, Yamikani, atayamba ntchito anakapeza nyumba yake ku Area 14, koma Lamulungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi ankabwera kudzadya kwathu. Ankadya ngati wachokera kundende, nkhwani wotendera kumaliza mpaka kunyambita zala. Kenaka anayamba kubwera atakhuta. Ankangotsinako pang'ono n'kusamba m'manja, maso ali pa foni, akumwetulira yekha. Sipanapite nthawi anabwera ndi chimene chinkamukhutitsacho: mtsikana wina mphunzitsi, dzina lake Tawonga, wa kumapiri a ku Mzimba.

Kunena zoona, cholakwa sindinamupeze, ndipo chimenecho n'chimene chinandikwiyitsa. Ankagwada pa simenti polonjera, ankandilandira dengu, mawu ake anali apansipansi. Ine ndinkangoti chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Ndinakamuuza mnzanga Nachisale, amene benchi yake yayandikana ndi yanga kumsika. Iye sanachedwe n'komwe.

"Mwana wanuyo anadya kale, khuzumule ameneyo," anatero akupinda chitenje. "Ndiye mukapita kwawoko musakalawe kanthu. Akaweta mwana amafuna awetenso make, kuti ng'ombe zimene angatchule inu muzingoti inde."

Inu owerenga, Nachisale ameneyu sanawolokepo mlatho wa Bua kupita kumpoto chibadwire. Koma tsiku limenelo ndinamumvera ngati akuwerenga m'Baibulo, chifukwa ankanena zimene mtima wanga unkafuna kumva. Nkhani ya malowolo inkandiwawanso kale. Kwathu kwa Achewa za ng'ombe sitizidziwa, ankhoswe amapatsana nkhuku ndi tambala nkhani n'kutha.

Tsiku lokaonekera kwa makolo a mtsikanayo litakonzedwa, achimwene anga, amene ndiwo malume ake a Yamikani komanso nkhoswe yake, anandiuza kuti ulendowo ndi wa amuna. Ndinakana. Ndinati mwana ndinabereka ndekha, ndikaone ndi maso anga kumene akukalowa. Anthu a kwa Tawonga atamva kuti make mnyamata akubweranso, anatumiza uthenga woti akondwa kwambiri, ndipo ine ndinadzifunsa kuti akukondwera chiyani. Mphatso tinagula ku Old Town konko: bulangete, shuga, sopo, mafuta ophikira. Zitenje ndinatenga pa benchi yanga, ndipo ndinasankha zimene zinakhalitsa osagulidwa. M'kachikwama mwanga ndinabisamo mabanzi, mtedza wokazinga ndi botolo la madzi, kuti ndikakhale ndi moyo osakhudza mbale ya munthu.

Tinanyamuka m'mawa nyengo yozizira, Yamikani akuyendetsa, achimwene ali kutsogolo, ine ndi Tawonga kumbuyo. Pa Mponela mtsikanayo anagula chimanga chootcha, n'kundipatsa ndi manja awiri. Ndinati dzino likundivuta. Pa Kasungu anzanga analowa m'lesitilanti, ine ndinatsala m'galimoto kumatafuna banzi langa louma. Tawonga anabwerera msanga, ndipo anandipeza ndikumeza piritsi la kuthamanga kwa magazi. Anandifunsa mwaulemu ngati adokotala anandiletsa mchere. Ndinayankha kuti eya, mwachidule, koma mumtima belu linalira. Ndinati mwana ameneyu akufufuziranji zimene ndimadya?

Titadutsa Nkhamenya makutu anga anayamba kusochera, chifukwa anthu a m'mbali mwa msewu anali atasintha chiyankhulo. Pofika pa Jenda ndinali mlendo weniweni. Msika wa pamenepo, kwa amene simunafikeko, ndi wodzaza maso: milu ya tomato, anyezi womangidwa m'mitolo, kabichi wamkulu ngati mutu wa munthu, mbatata ya kachewere m'zidebe, nyemba zamitundumitundu. Mphepo yake imalowa mpaka m'mafupa. Galimoto itangoima, azimayi anaizungulira ndi mabeseni, aliyense akuitanira m'Chitumbuka. Achimwene anatsika akuseka ngati afika kwawo. Ine ndinakweza galasi n'kukumbatira kachikwama kanga.

Pamenepo ndinaona Tawonga wina. Mtsikana wa mawu apansipansi uja anasanduka wolongolola, akuseka mokweza, akumenyana m'manja ndi ogulitsa, akutsitsa mitengo. Mwana wanga anali pambuyo pake atasenza thumba la mbatata ngati waganyu, mano onse ali pamtunda. Ndinati Nachisale sananame. Kenaka ndinamuona mtsikanayo akusiya gulu, n'kulowa yekha kumizere ya kumbuyo kumene mayi wina wokalamba anayala timizu ndi tinthu tina pa chiguduli. Anagula kanthu, anamukulungira m'pepala, ndipo sanakaike ku buti ya galimoto pamodzi ndi katundu wina. Anakalowetsa m'kachikwama kake. Zonsezi ndinkazionera pa galasi la m'mbali la galimoto, ndikudziuza kuti ndagwira wakuba.

Tinasiya tala n'kuyamba kukwera mapiri pa msewu wafumbi. Mitengo ya paini, mitsinje ing'onoing'ono, minda yopendekeka moti ndinkadabwa kuti wolima amaima bwanji. Dziko lokongola, koma ine sindinalione bwino chifukwa maso anga anali pa kachikwama kaja. Pamwamba pa phiri lina tinapeza kamsika, linali tsiku lake, anthu atafunda mabulangete masanasana, madoda achingoni atagwira zibonga, nyama ya ng'ombe ili lende pa mtengo. Achimwene anagula yootcha, anaviika mu tsabola n'kundilozetsa. Nditapukusa mutu anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mlongo, kuchoka ku Lilongwe simunalawe cha munthu," anatero chapansipansi. "Kumene tikupitaku musakandichititse manyazi."

Ndinawayankha kuti galu wamkota sakandira pachabe. Iwo anangopukusa mutu n'kupitiriza kutafuna.

Tinafika dzuwa litapendeka. Mudzi wake unali waudongo, khola la ng'ombe lili pakati, nyumba zitalizungulira. Azimayi anatichingamira ndi nthungululu, aliyense akugwada patali n'kumati, "Monire amama." Mayi ake a Tawonga, amene anthu ankawatchula kuti NyaTembo, anali munthu wochepa thupi, wa manja okhakhala ndi khasu. Atatha malonje analowa kuseri, n'kubwera ndi tambala wamkulu wofiira, wamoyo. Anagwada n'kumuika m'manja mwanga kuti ndimugwire kaye asanaphedwe. Mwambo umenewo ndinkaudziwa, ngakhale kwathu timachita: mlendo wolemekezeka amaonetsedwa nkhuku yake, ndipo ikapsa, nthutumba imapita m'mbale yake. Nkhuku yopanda nthutumba kwa mlendo ndi chipongwe. Ndinkadziwa zonsezi, choncho sindinganene kuti ndinalakwa chifukwa cha umbuli.

Tambala atapita naye, ndinaona Tawonga akukokera mayi ake kuseri kwa nkhokwe. Anatulutsa kapepala kaja, anawapatsa, ananong'onezana, kenaka onse awiri anatembenuka n'kuyang'ana kumene ndinakhala ine. Mayiwo anagwedeza mutu. Inu owerenga, mukanakhala ndi mtima ngati umene ndinali nawo ine, mukanati chiyani? Kwa ine mlandu unali utatha.

Nthawi ya chakudya amuna anakadyera pabwalo pafupi ndi khola. Ine anandilowetsa m'nyumba yozira bwino, anandiyalira mphasa yatsopano. Tawonga anabwera ndi mbale zovindikira, anagwada, anandithirira madzi ofunda osamba m'manja. Ndinamufunsa ngati ndi zomwezo zimene akudya amuna panja. Anayankha akumwetulira kuti ayi, zanga zaphikidwa pazokha. Atatero anatuluka n'kutseka chitseko, monga amachitira anthu aulemu kuti mlendo adye momasuka. Ine ndinamva ngati anditsekera mu msampha.

Nditavundukula, nthutumba inali pamwamba penipeni pa ntchafu. Fungo la msuzi linali lamphamvu, losiyana ndi nkhuku imene ndinazolowera, ndipo munkayandama tizidutswa ta muzu wachikasu. Njala inali itandigwira, malovu anadzaza m'kamwa, koma ndinadziuza kuti mankhwala abwino amabwera ndi fungo lokoma. Ndinaganizanso kuti munthu wofuna kudyetsa mlendo angaike pati mankhwala ake, kupatula pa chiwalo chimene akudziwa kuti mlendoyo sangachisiye? Kunja kwa kazenera kakang'ono ka kumbuyo ndinamva galu akununkhiza. Nzeru inandibwerera yoti ndiyese kaye pa galuyo, ndione ngati asinthe mayendedwe. Ndinatola nthutumba ija, ndinaimirira, ndinaiponya pazenera.

Chimene sindinadziwe n'chakuti kuseri kwa khoma limenelo n'kumene kunali chisakasa chophikiramo. Azimayi onse a pamudzi anali atakhala pamenepo, akucheza chapansipansi. Macheza aja anaduka nthawi imodzi, kunangoti zii.

Chitseko chinatseguka. Analowa NyaTembo, nthutumba ili m'dzanja, itamatirira dothi ndi phulusa. Inawagwera pamapazi, ndipo anaitola galu asanaifikire. Sanakalipe. Anagwada patsogolo panga, anasamba m'beseni lomwe ndinasambamo ine, ananyema nsima ya m'mbale yanga, anaviika mu msuzi n'kudya. Anabenthula ntchafu n'kudya. Anamwako madzi a m'kapu yanga. Pomaliza anapukuta nthutumba ija ndi nsonga ya chitenje chawo, n'kuitafuna pang'onopang'ono mpaka kumeza, maso ali pa ine. Ndiye anayankhula m'Chichewa chawo chovutikira.

"Asewere, ife ndife anthu osauka. Koma alendo sitipha."

Tawonga anali ataima pakhomo, misozi ikutsika popanda phokoso. Anafunyulula kapepala ka pa Jenda kaja n'kukaika pa mphasa. Munali jinja wotsala ndi adyo.

"Amayi, munati mchere anakuletsani," anatero. "Ndinaopa kuti nkhuku yopanda mchere simuidya, ndiye ndinawapempha aphike yanu payokha, aikemo izi kuti imveke kukoma."

Ndakhalapo pa maliro a mwamuna wanga, koma manyazi a tsiku limenelo anandilemera mwa mtundu wina. Ndinafuna nthaka ing'ambike. Pakamwa panga, pamene pamatha kutsutsana ndi kasitomala tsiku lonse, panasowa ngakhale liwu limodzi loti pepani.

Nkhani inafika pabwalo mbale za amuna zisanachotsedwe. Bambo ake a Tawonga sanakweze mawu. Anauza achimwene kuti za malowolo sizikambidwanso, chifukwa sangapereke mwana wawo ku nyumba kumene apongozi ake amamuyesa mfiti. Anafunsa kuti tsiku limene mwamunayo adzadwale mutu, kapena khanda likadzatsegula m'mimba, chala chidzaloza yani? Bulangete, shuga, sopo ndi zitenje zanga zosagulika zija anazibwezera m'galimoto mwaulemu, chimodzichimodzi. Tawonga anatsala. Ife tinakagona pa Jenda, ndipo m'mawa mwake azimayi omwe aja anazunguliranso galimoto ndi mabeseni awo, koma palibe amene anatsitsa galasi.

Yamikani anayendetsa osayankhula kudutsa Nkhamenya, Kasungu, Madisi, Mponela. Ndinkangoona khosi lake kuchokera kumbuyo. Titafika pa Lumbadzi ndi pamene anatsegula pakamwa, osatembenuka.

"Amayi, zimene ndinkadya kwa Tawonga chinali chakudya basi. Ndinkangokhuta."

Anandisiya pa geti ku Area 15, ndipo Lamulungu lotsatira sanabwere, ngakhale linzake. Nditamufotokozera Nachisale, anandiuza kuti ndinachita bwino, anthu amenewo ndi ochenjera, mayiyo ayenera kuti anali atamwa kale chotsitsa mphamvu ya mankhwalawo. Ndinamuyang'ana ndipo kwa nthawi yoyamba ndinadzimva ndekha mmene ndinkamvekera. Kukayikira kulibe pothera. Ukakuonetsa umboni, iko kumameza umboniwo n'kufunanso wina.

Achimwene ndiwo anasenza mtolo umene ndinamanga ine. Anabwerera kumapiri kuja ndi mkulu wa mpingo wathu, atanyamula mbuzi yopepesera. Ulendo woyamba anawabweza. Wachiwiri anawalandira, makamaka chifukwa Tawonga mwiniwake anauza makolo ake kuti mnyamatayo sanamulakwire. Ine ndinayenera kupita nawo kukagwada pamaso pa NyaTembo, koma manyazi anandimanga miyendo, ndinangotumiza mbuzi kuti ikandiyankhulire. Kumeneko kunali kulakwa kwachiwiri. Ukwati unachitika ku Lilongwe konkuno, asewere anga anabwera, tinapatsana moni wa m'manja, ndipo pa phwando anandiyang'ana kamodzi kokha, nthawi imene mbale zinkagawidwa.

Lero Yamikani ndi mkazi wake amakhala ku Area 14, mtunda woti ndikhoza kuyenda wapansi. Ali ndi mwana wamkazi amene anamutcha dzina la mayi anga. Mpongozi wanga sanandinyozepo ngakhale tsiku limodzi. Ndikafika amandichingamira pa geti, amagwada, amandilandira kachikwama. Kenaka amabwera ndi thileyi, ndipo pa thileyipo pamakhala botolo la zoziziritsa kukhosi losatsegula, chotsegulira chili pambali, ndi paketi ya mabisiketi yomata ya kugolosale. Zaka zonsezi ndi zomwezo. Kukhitchini kumachokera fungo la ndiwo, mwana wanga amayang'ana pansi, ndipo ndimadziwa kuti akudikira ndinyamuke kuti adye.

Tsiku lina ndinalimba mtima, ndinamugwira dzanja n'kumupempha kuti andikhululukire, andiphikireko ngakhale phala. Anandiyankha mofatsa kuti anakhululuka kalekale, ndipo ndikukhulupirira kuti ankanena zoona. Koma anawonjezera mawu amene sanandichoke m'mutu.

"Amayi, tsiku lina mudzadwala, monga amadwalira munthu aliyense. Sindifuna tsiku limenelo lidzakupezeni mutadya za m'manja mwanga."

Ndikanamutsutsa bwanji? Amene anamuphunzitsa mantha amenewo ndine.

Mwezi wathawu mdzukulu wanga ankakumbukira tsiku lake lobadwa, ndipo makolo ake anapha nkhuku yachikuda imene inachokera kumapiri komwe kuja. Ine ndinali pakhonde ndi botolo langa losatsegula. Mwanayo anatuluka m'nyumba akuthamanga, kadzanja kali noninoni ndi mafuta, atafumbata nthutumba. Anati agogo ake a ku Mzimba anamuuza kuti imeneyi amadya ndi munthu wamkulu, ndiye wabweretsera ine. Ndinatambasula dzanja. Mayi ake anafika pambuyo pake, anamugwira paphewa mwachikondi n'kumubweza.

"Bwera nayo kuno, mwanawe. Agogo sadya zakuno."

Sananene mwankhanza, ndipo n'chifukwa chake zinandipyoza. Ndinabwerera ku Area 15 wapansi, ndikulira ngati kamwana, alonda a m'mageti akundiyang'ana.

Inu owerenga, sindikunena kuti padziko palibe anthu oipa. Alipo, ndipo kusamala si tchimo. Koma musaweruze mtundu wonse wa anthu ndi mawu a munthu amene sanapondeko kwawo. Mwana wanu akabweretsa mlendo wa chiyankhulo china, ndipo mwaona chimene simukuchimvetsa, funsani. Ine ndikanangoti, "Mwanawe, wagula chiyani m'kapepalako?" bwenzi atandionetsa jinja pa Jenda pomwepo, tonse n'kuseka. Ngati simungathe kudya, nenani poyera kuti simudya, anthu amamva. Ndipo mukalakwira munthu, pitani nokha mukagwade, musatume mbuzi. Madzi akatayika saoleka. Ine ndinaopa kudyetsedwa, lero ndikupempha kudyetsedwa, ndipo m'nyumba ya mwana wanga yemwe mulibe amene angayerekeze kundipatsa mbale.